Mayunivesite akamapita kukasaka ana ku sekondale, chimathandiza nchiyani kwenikweni?

Pafupifupi yunivesite iliyonse yayikulu masiku ano ili ndi kaofesi ka anthu amene ntchito yawo si kuphunzitsa madigiri ayi koma kutuluka kunja kwa geti, kupita mmasukulu a sekondale, nthawi zina mpaka ku pulayimale, kukacheza ndi ana komanso makolo awo za nkhani yopita ku koleji. Ena amatenga anawo kuti adzagone pa kampasi sabata imodzi aone mmene zimakhalira, ena amatumiza ophunzira awo kukathandiza ana masamu Loweruka, ena amangolemba makalata basi. Cholinga nchimodzi, kuti mwana amene kwawo kulibe amene anapondako ku yunivesite nayenso akafike. Nde mwa zonsezi chimagwira ntchito nchiti? Ndalama zimene zalowa mu ntchitoyi ndi zambiri zedi, ndipo mwamwayi anthu a kafukufuku akhala akuyeza kwa zaka zambiri moti pano tikudziwako ndithu kuti zina zimasinthadi njira ya mwana, pomwe zina zimangokongola pa chithunzi cha mu lipoti la kumapeto kwa chaka.

Vuto lake likuyambira apa. Tengani ana awiri anzeru zofanana, kalasi imodzi, magiredi ofanana. Wina mayi ake anadutsa ku yunivesite, winayo ayi. Woyambayu pali zinthu zambirimbiri zimene amazidziwa osazindikira nkomwe kuti akuzidziwa, anangozimva akulu akucheza pakhomo. Amadziwa kuti maphunziro amene ukusankha uli ndi zaka 14 kapena 15 ndi amene adzakutsegulire kapena kukutsekera khomo la udokotala, amadziwa kuti mafomu ali ndi tsiku lotsekera ndipo tsikulo silimva kupepesa, amadziwa kuti fizi imene yalembedwa pa webusayiti si imene aliyense amalipira chifukwa pali masikolashipu ndi ngongole, komanso amadziwa kuti mphunzitsi ukhoza kumupempha kalata yokuchitira umboni ndipo si mwano. Winayu sakudziwa, komanso sakudziwa kuti pali choti afunse. Makolo ake amamukonda chimodzimodzi, mwinanso akudzimana kwambiri kuposa enawo, koma sangamuuze njira imene iwo sanayendepo.

Ku America akatswiri awiri a zachuma, Caroline Hoxby ndi Christopher Avery, anaonetsa cha mu 2012 ndi 2013 kuti ana ambiri ochokera mmabanja osauka amene anakhoza bwino kwambiri mayeso sankapempha nkomwe malo ku mayunivesite apamwamba. Osati kuti ankakanidwa, kungoti fomu yawo sinkafika. Chodabwitsa nchoti mayunivesite olemerawo nthawi zambiri akanawalipiritsa ndalama zochepa kuposa makoleji apafupi amene anawo ankathamangirako, chifukwa ali ndi thumba lalikulu lothandizira osauka. Anawo ankangoona mtengo wolembedwa nkunena kuti izi si zathu. Ndiye muziti bwanji aphunzitsi olangiza osawauza? Bungwe la alangizi a mmasukulu kumeneko limati mlangizi mmodzi aziyang'anira ana 250, koma zenizeni pa dziko lonse mlangizi mmodzi amakhala ndi ana oposa 350, ndipo munthu yemweyo ndi amene akuthana ndi nkhani za ana ovutika maganizo, ojomba, omenyana, nde za mafomu a koleji zimabwera kumapeto ngati nthawi yatsala.

Ntchito yofikira anawa ngati pulogalamu ya boma inayamba mwamphamvu ku America komweko nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson, pamene ankati akumenya nkhondo yolimbana ndi umphawi. Lamulo la 1964 linabala pulogalamu yotchedwa Upward Bound, la 1965 linabala Talent Search, kenako mu 1968 kunabwera yachitatu yothandiza ophunzira amene alowa kale mu koleji, ndipo chifukwa zinali zitatu anthu anangoyamba kuzitchula kuti TRIO, dzina limene lilipobe ngakhale mapulogalamu ake anachuluka. Mu Upward Bound boma limapereka ndalama ku yunivesite, yunivesiteyo imasankha ana a sekondale, nkumawathandiza maphunziro chaka chonse komanso nthawi ya holide yayitali amakakhala pa kampasi pafupifupi masabata 6 akuphunzira. Lamulo limati awiri mwa atatu aliwonse akhale ochokera ku banja losauka komanso loti makolo alibe digiri. Mu 1998 kunabwera ina yotchedwa GEAR UP imene inasintha kaganizidwe pang'ono, mmalo mosankha ana ochepa ooneka anzeru amatenga kalasi yonse kuyambira giredi 7 nkuyenda nayo zaka 6 mpaka kumaliza sekondale, nthawi zina 7 mpaka chaka choyamba cha koleji. Kusiyana kumeneku musakuone ngati kwakung'ono, tikubwererakonso.

Mayiko ena nawo ali ndi zawo. Ku England kunali Aimhigher kuyambira 2004 mpaka boma linaitseka mu 2011, kenako mu 2017 kunayamba ina imene pambuyo pake inatchedwa Uni Connect. Kumeneko yunivesite ikafuna kulipiritsa fizi yapamwamba imene lamulo limalola iyenera kukhala ndi pulani yovomerezedwa ndi Office for Students, bungwe loyang'anira mayunivesite, yofotokoza mmene ifikire ana osauka, nde si chifundo chabe, ndi chikakamizo. Bungwe la Sutton Trust linayamba masukulu a pa holide mu 1997, Oxford inayamba yake yotchedwa UNIQ mu 2010. Ku France, yunivesite ya Sciences Po mu 2001 inapangana ndi masekondale a mmadera osauka kuti ana akumeneko azilowa kudzera njira ina osati mayeso olowera anthawi zonse aja, ndipo phokoso linali lalikulu. Ku Chile mu 2014 anayamba pulogalamu yawo yotchedwa PACE, imene tiifotokoza kutsogoloku.

Tsopano nkhani yovuta ndi yoyeza. Pulogalamu ikamadzitama imati taonani, mwa ana 100 amene tinawathandiza 80 apita ku koleji pomwe anzawo mdera lomwelo ndi 40 okha. Zikumveka bwino eti? Koma dzifunseni kuti ndi mwana wotani amene amamva za pulogalamu, nkutenga fomu, nkukasainitsa kwa makolo, nkulolera kutaya holide yake kukaphunzira masamu. Ameneyo ndi mwana amene anali kale panjira. Mwina mwa 80 aja 75 akanapita ngakhale pulogalamuyo kukanakhala kulibe. Njira yokhayo yodziwira zoona ndi kuchita maere, kutenga ana ofanana amene onse apempha, ena kuwalowetsa ena kuwasiya, nkudikira zaka kuona kusiyana. Boma la America linachita zimenezi ndi Upward Bound, kafukufuku wa kampani ya Mathematica amene anayamba kumayambiriro kwa zaka za mma 1990 ndipo lipoti lomaliza linatuluka mu 2009, ndipo linati pa chiwerengero cha olowa koleji kusiyana sikunaoneke. Mkangano unabuka, akatswiri ena a mu unduna wa maphunziro momwemo anati kawerengedwe kanalakwika chifukwa malo amodzi okha mwa malo ambiri amene pulogalamuyo inayezedwa anapatsidwa kulemera kwa pafupifupi kota ya zotsatira zonse, ndipo mpaka lero anthu sagwirizana. Ine sindikufuna kuweruza mlanduwo, chimene ndikutengapo nchoti pulogalamu yakale, yodula, yokondedwa ndi aliyense, itayikidwa pa sikelo sinapambane mosavuta ngati mmene anthu ankaganizira. Ku England nakonso atayeza masukulu a pa holide mwa maere anapeza zomwezi, kuti ana ambiri amene amapempha malo anali kale ndi maganizo opita ku yunivesite asanafike nkomwe pa kampasi.

Apa ndi pamene ndimasemphana ndi anthu ambiri ochita ntchitoyi. Amakonda kwambiri mawu akuti tiwalimbikitse ana kuti azilota zazikulu. Amabweretsa mlendo wovala bwino, ayankhula ola limodzi mu holo kuti inenso ndinali ngati inu, ana awomba mmanja, ajambulitsa, galimoto inyamuka. Kumbuyo kwa zimenezi kuli kaganizo koti mwana wosauka vuto lake ndi losafuna, kapena makolo ake saona phindu la sukulu. Koma mukawafunsa anawo ndi makolo awo, ambiri amafuna koleji kale, chimene amakayikira nchoti zingatheke. Ndipo ku England akatswiri a Institute for Fiscal Studies atatsatira ana ambirimbiri anapeza kuti mbali yaikulu ya kusiyana kwa olemera ndi osauka polowa yunivesite imafotokozedwa ndi magiredi a ku sekondale, kutanthauza kuti mpatawo unatseguka kale zaka zambiri mmbuyo, mlendo wa mu holo uja asanabwere. Sindikuti kuuza ana zoona nkopanda ntchito. Ku Dominican Republic, Robert Jensen anauza anyamata a giredi 8 malipiro enieni a anthu omaliza sekondale, amene anali okwera kuposa mmene anyamatawo ankaganizira, ndipo anakhalitsadi pa sukulu kuposa anzawo. Koma phindulo linaoneka kwambiri kwa amene kwawo kunali kopezako pang'ono, osaukitsitsa aja anamva uthengawo koma analibe pogwira.

Kafukufuku amene ndimaona kuti aliyense wogwira ntchitoyi amayenera kumudziwa ndi wa mu 2008 ku Ohio ndi North Carolina. Ku America thandizo la boma la fizi limadutsira pa fomu imodzi yotchedwa FAFSA, imene nthawi imeneyo inali ndi mafunso oposa 100, ambiri ofunsa za ndalama za makolo mchilankhulo cha anthu a misonkho. Akatswiri anayi, Eric Bettinger, Bridget Terry Long, Philip Oreopoulos ndi Lisa Sanbonmatsu, anaona kuti mabanja osauka ambiri chaka chilichonse amapita ku maofesi a kampani ya H&R Block kukathandizidwa kulemba mafomu a msonkho, ndipo manambala ofunika pa FAFSA ndi omwewo amene ali kale mu kompyuta ya pa desikipo. Nde anagawa mabanja mwa maere. Ena sanapatsidwe chapadera. Ena anapatsidwa pepala lowauza kuti mwana wanu akhoza kulandira thandizo lokwana chakuti ndipo makoleji apafupi fizi yake ndi yakuti. Gulu lachitatu, munthu wa pa desiki uja atamaliza za msonkho ankati khalani kaye pang'ono, nkusamutsa manambala kupita pa fomu ya koleji, nkufunsa mafunso otsalawo kholo lili pompo, mphindi zosakwana 10 fomu yatha, nkudzipereka kuti aitumize. Zotsatira zake, gulu longopatsidwa uthenga silinasinthe kutumiza mafomu. Gulu lothandizidwa kulemba, ana omaliza sekondale amene anakwanitsa zaka ziwiri mu koleji anakwera kuchoka pa 28 kufika pa 36 pa 100 aliwonse. Mphindi khumi zokha abale. Uthenga unali womwewo ku magulu onse awiri, kusiyana kunali koti wina anakhala pampando nkugwira nawo ntchitoyo.

Winanso ndi wa University of Michigan kuyambira 2015, umene anautsogolera Susan Dynarski ndi anzake. Anapeza ana a mmabanja osauka okhoza bwino mchigawo chonse cha Michigan nkuwatumizira envelopu yaikulu yonyezimira ya mitundu ya yunivesiteyo, yachikasu ndi yabuluu, yoti sungaisokoneze ndi timapepala totsatsa malonda. Mkati munali kalata yochokera kwa mkulu wa yunivesite yotchula dzina la mwanayo nkunena mosazungulira kuti ukapempha malo nkutengedwa, fizi ya zaka zinayi sulipira. Makolo analandira kalata yawoyawo, ahedi a sukulu nawonso anauzidwa. Opempha malo anachoka pa 26 peresenti kufika pa 68, olowadi anachoka pa 12 kufika pa 27. Koma chimene chimandisangalatsa ndi ichi, ambiri mwa anawa akanalandira thandizo lomwelo ngakhale popanda kalatayo, malamulo a yunivesite ankawalola kale. Ndalama yatsopano inali yochepa. Chinasintha ndi nthawi yodziwira komanso kutsimikiza. Kale mwana ankayenera kupempha malo, kulemba mafomu a ndalama, kudikira miyezi, kenako nkumva kuti alipira zingati, pano anadziwiratu asanayambe. Atayesanso pambuyo pake kalata yonena kuti fizi ndi yaulere ngati tidzatsimikize kuti ndalama za kwanu ndi zochepa, mphamvu yake inatsika kwambiri, kamawu kakuti ngati kaja kanadya zambiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo banja limene likuwerengera kandalama kalikonse silingamange tsogolo la mwana pa mawu akuti mwina.

Nde mwina mukuganiza kuti basi yankho lapezeka, tingotumiza makalata ndi mameseji kwa aliyense, zotchipa. Anthu anaganizadi choncho. Hoxby uja ndi mnzake Sarah Turner anali atayesa kutumiza mapaketi a uthenga ndi makuponi ochotsa ndalama yopemphera malo, pa mtengo wa pafupifupi madola 6 pa mwana, ndipo zinayenda bwino. Koma College Board, bungwe loyendetsa mayeso olowera koleji ku America, itayesa zofananako kwa ana pafupifupi 785,000 sipanaoneke kusintha pa makoleji amene anawo analowa. Kafukufuku wina wotumiza mameseji okumbutsa za FAFSA kwa ophunzira pafupifupi 800,000 nayenso anatuluka chimanjamanja. Chifukwa chake anthu amachifotokoza mosiyanasiyana koma chomveka kwa ine nchoti meseji yochokera ku bungwe lakutali limene mwana salidziwa imangofanana ndi mameseji ena onse amene amadzaza foni. Ya ku Michigan ija inali lonjezo lochokera kwa mwini malo, amene ali ndi mphamvu yokutenga. Zina zija zinali malangizo ochokera kwa munthu wodutsa.

Thandizo la munthu ndi munthu ndi lodula koma limaoneka kuti limagwira. Ku New Hampshire, Scott Carrell ndi Bruce Sacerdote anatumiza ophunzira a Dartmouth College kumasekondale kukakhala ndi ana a chaka chomaliza amene aphunzitsi anati akhoza kupita ku koleji koma sanayambe kalikonse. Sabata ndi sabata ankabwera, kukhala pa kompyuta limodzi, kulemba nkhani yodzifotokoza, kutumiza magiredi, kulipira ndalama ya fomu, mpaka zonse zitatha. Opita ku koleji anachuluka, makamaka atsikana, ndipo phindu linali lalikulu kwa ana amene analibe kholo kapena mphunzitsi wowathandiza zimenezi. Onani amene anasankhidwa, si ana oyamba mkalasi amene aliyense amawathamangira, ndi apakatikati amene akanangotsala mwakachetechete. Apa ndi pamene kaganizo ka GEAR UP kotenga kalasi yonse kamamveka, chifukwa ukamadikira ongodzipereka umapeza amene sakukufuna kwenikweni.

Pali kanthawi kena kamene mapulogalamu ambiri amakaiwala, pakati pa kulandira kalata yoti watengedwa ndi tsiku loyamba kalasi. Aliyense wasangalala, sukulu ya sekondale yalemba dzina la mwana pa mndandanda wa opambana, alangizi apita ku holide, koleji nayo sinayambe kumuona ngati wake. Mwana ali yekha ndi mulu wa zinthu. Akuyenera kutsegula akaunti pa webusayiti ya koleji imene pasiwedi yake inatumizidwa ku imelo imene sayitsegula, kulipira dipoziti ya malo ogona, kutumiza umboni wa katemera, kusaina mapepala a ngongole, kutumizanso makalata otsimikiza ndalama za makolo chifukwa ofesi ya thandizo yamusankha kuti imufufuze, kulembetsa tsiku lolandira atsopano, kenako pakubwera bilu imene ili ndi ndalama zina zimene palibe anamuuzapo. Pa zonsezi chimodzi chokha chikakanika mwana amangokhala chete, manyazi amugwira, tsiku lotsegulira lidutsa. Benjamin Castleman ndi Lindsay Page anapeza kuti mmadera osiyanasiyana ku America pakati pa 10 ndi 40 peresenti ya ana amene anali ndi malo komanso cholinga chopita sankafika, ndipo ambiri anali osauka. Mankhwala ake anapezeka kuti si ovuta, mlangizi woti amuimbire mwana pa holideyo maola awiri kapena atatu onse pamodzi, kapena mameseji otchula chinthu chenicheni chimene chatsala pa koleji yakeyo ndi mwayi woyankha nkulankhula ndi munthu. Georgia State University mu 2016 inayika pulogalamu ya pa foni yotchedwa Pounce yoyankha mafunso a ana otengedwa usana ndi usiku, ndipo chiwerengero cha osafika chinatsika ndi pafupifupi 21 peresenti. Inagwira chifukwa inkaona mu kompyuta ya yunivesite kuti mwana uyu chamutsalira ndi chakuti, sinkatumiza uthenga umodzi kwa onse. Komanso mwana amene akuchita manyazi kufunsa munthu wamkulu kuti dipoziti nchiyani amafunsa makina pakati pausiku mopanda mantha.

Za makolo ndiye pamafunika kunena zambiri chifukwa mapulogalamu ochuluka amalemba kuti ana ndi mabanja pa chikwangwani koma zochita zonse nza ana okha. Pomwe fomu ya ndalama imafuna manambala a kholo, siginecha ya kholo, ndipo chilolezo choti mwana achoke pakhomo chimachokera kwa kholo. Mwana akhoza kubwera kuchokera ku kampasi mtima uli mmwamba, koma ngati bambo ake akuopa ngongole, kapena mayi ake akuda nkhawa kuti mtsikana akakhala ndi ndani kutaliko, kapena banja likudalira kaganyu kamene mwanayo amagwira, nkhani imathera pomwepo. Ndipo mantha amenewa si umbuli, ndi masamu enieni. Munthu amene amapita ku koleji sakungolipira fizi, akutayanso malipiro a zaka zitatu kapena zinayi amene akanabweretsa pakhomo, ndipo akalephera kumaliza amatsala ndi ngongole wopanda digiri, zimene ndi zoipa kuposa kusapita nkomwe. Nde wobwera kudzalankhula ndi makolo asabwere ngati wodzaphunzitsa anthu osazindikira. Abwere ndi mayankho a mafunso amene makolowo ali nawo, ndalama zonse pamodzi ndi zogona ndi mabuku ndi zingati, ngongole imayamba kubwezedwa liti, mwana akadwala amapita kuti, akalephera chaka choyamba chimachitika nchiyani.

Ndipo tinthu tating'ono timaonetsa ngati pulogalamu ikuwafunadi makolo. Msonkhano woitanidwa 10 koloko mmawa pakati pa sabata ndi wa makolo a mmaofesi amene akhoza kupempha chilolezo, amene amalipidwa pa tsiku sabwera, kenako wina alemba mu lipoti kuti makolo a dera lino alibe chidwi. Kalata yolembedwa mchilankhulo chimene kholo silimva bwino imawerengedwa ndi mwana yemweyo, amene adumpha zimene sakuzimvetsa. Mapulogalamu amene amachita bwino amapanga misonkhano madzulo kapena kumapeto kwa sabata, pamalo amene makolo amapitako kale, ndi womasulira, ndipo amabweretsa kholo lina limene mwana wake ali ku koleji pano kuti liyankhe, chifukwa kholo limakhulupirira kholo linzake kuposa pulofesa. Ndipo makompyuta amakhala pompo kuti fomu ilembedwe usiku womwewo, osati kugawa timapepala toti mukawerenge kunyumba.

Chinthu china chimene sachinena mokweza nchoti yunivesite ili ndi zofuna zake. Kufikira ana ndi kutsatsa malonda zimafanana nkhope. Ofesi imene ikuyesedwa ndi chiwerengero cha ana obwera ku yunivesite yawo yokha idzathamangira ana amene akanapita kwina kulikonse, kungowalanda kwa yunivesite inzake, chiwerengero cha osauka olowa koleji mdziko osasintha. Komanso idzachita ulesi kuuza mwana kuti kwa iwe kosi ya zamanja kapena koleji ya zaka ziwiri ndi yabwino kuposa kwathu kuno. Nchifukwa chake Uni Connect ku England inakonzedwa kuti mayunivesite ndi makoleji a dera limodzi azigwirira ntchito pamodzi ndipo malangizo asakondere sukulu imodzi. Kholo kapena mphunzitsi akaona alendo otere ali ndi ufulu wofunsa kuti kodi mwana wanga akasankha kupita kwina mumuthandizabe fomu?

Ndiye pali malire a ntchito yonseyi. California mu 1996 inavota kuletsa mayunivesite a boma kuganizira mtundu kapena khungu la munthu posankha ophunzira, ndipo University of California, imene inali kale ndi pulogalamu yofikira ana kuyambira 1976, inathira ndalama zambiri mu ntchitoyi kuti itseke mpata wa pakati pa mitunduyo. Patapita zaka zoposa 25 inauza khoti lalikulu la America kuti yawononga madola oposa theka la biliyoni koma makampasi ake ovuta kulowa sanafikebe pofanana ndi anthu a mchigawocho. Khotilo mu June 2023 linaletsa kuganizira mtundu mdziko lonse, nde mayunivesite ambiri pano akuyang'ana ku njira yomweyi imene California ikuti payokha siyokwanira. Chifukwa chake nchosavuta kumva, ngati malo ndi ochepa ndipo chosankhira ndi magiredi okha, mwana wa sukulu yopanda mphunzitsi wa fizikisi ukhoza kumuyendetsa pa kampasi kakhumi, pa mzere adzakhalabe kumbuyo.

Nchifukwa chake ena anaganiza zogwira khomo lenilenilo. Texas mu 1997 inakhazikitsa lamulo loti mwana amene ali mu 10 peresenti yapamwamba pa sukulu yake, kaya sukuluyo ndi yotani, ali ndi malo ku mayunivesite a boma, ngakhale kuti pambuyo pake kampasi ya ku Austin inaloledwa kuchepetsa chiwerengerocho chifukwa malo ankadzaza. PACE ya ku Chile imaphatikiza zonse ziwiri, yunivesite imagwira ntchito ndi sekondale yosauka zaka ziwiri zomaliza ndipo ana amene ali pamwamba pa sukulu yawo amasungiridwa malo. University of Bristol ku England imatsitsa magiredi ofunika ndi masitepe awiri kwa ana ochokera mmasukulu ndi madera ena. Otsutsa amati uku nkutsitsa muyezo komanso nkulanga mwana wa sukulu yabwino amene walimbikira, ndipo funso lawo si lopusa, malo amene wapatsidwa wina ndi malo amene wina wamanidwa. Oikira kumbuyo amati giredi B yopezedwa mkalasi ya ana ambirimbiri yopanda labu ikunena zambiri za mwanayo kuposa A yopezedwa ndi aphunzitsi apadera atatu. Ine ndili mbali yachiwiriyi, koma pokhapokha ngati yunivesiteyo ikupitiriza kumugwira mwanayo akalowa, chifukwa mpata wa maphunziro uja sutha ndi kalata yomutenga. PACE imapitiriza kuthandiza ophunzira ake akalowa, ndipo ku America mwendo wachitatu wa TRIO uja wa 1968, umene pano umatchedwa Student Support Services, unabwera patangotha zaka zinayi chiyambire Upward Bound, ntchito yake kukhala makalasi obwereza, alangizi ndi thandizo la mafomu a ndalama amene amayenera kulembedwanso chaka chilichonse mpaka munthu atamaliza.